Chitini cha Njinga

Anagogoda Lachiwiri cha m'ma 10 koloko m'mawa, ana ali pakati powerengera tizitsekerero ta mabotolo. Unali mwezi wa Juni, kunja kukuzizira, ndipo ndinatsegula ndi mkwiyo poganiza kuti ndi kholo lina lobweretsa mwana mochedwa. Pakhomo panaima amuna awiri ovala majekete, opanda yunifolomu. Wamkuluyo anali ndi mapepala otayipa m'manja. Ndinawazindikira asanatsegule n'komwe pakamwa, chifukwa mapepalawo anali anga.

"Ndimwe ba ticha? Tiyeni ku ofesi, tifuna tikambeko chabe pang'ono."

"Nanga anawa ndiwasiyira ndani?"

"Muzabwela manje manje."

Manje manje ameneyo anatenga masiku makumi awiri ndi atatu. Tikupita ku galimoto, wamng'onoyo anandigwira pachigongono nati, "Muzatiuza Njinga ni ndani." Mayi wosesa m'tchalitchi anali atawerama ndi tsache lake pafupi ndi khomo. Sanadzutse mutu, ndipo ndinamukwiyira mumtima kuti akundisiya ndipite ngati mbuzi ya pamsika.

Ndifotokoze za mapepalawo. Ndinkaphunzitsa ana a zaka zinayi ndi zisanu m'kaholo ka tchalitchi china ku Chawama. Zinali zaka zija za mizere: mzere wa ufa, mzere wa sopo, mzere wa mafuta ophikira. Mabuku tinalibe, choko ndinkachita kudula patatu. Mwana aliyense anali ndi chitini chake chosungiramo tizitsekerero ndi njere zowerengera, ndipo poti anali asanadziwe kuwerenga maina, pa chitini chilichonse ndinajambulapo chithunzi chimene mwiniwake anasankha: nkhuku, khasu, basi, nsomba, njinga.

Pa nthawi yomweyo ndinkachita maphunziro a uphunzitsi wa ana kudzera m'makalata. Ntchito yomaliza inali yokhala pakona ndi kope, kuonerera ana akusewera, n'kulemba mawu awo monga atulukira, osawongola, osawonjezera. Dzina la mwana silinkaloledwa mu lipoti, choncho m'malo mwa dzina ndinkalemba chithunzi cha pa chitini chake. Nzeru imeneyi ndinkainyadira kwabasi.

Ndinawayambitsira masewera a sitolo kuti aphunzire kuwerengera. Iwo anawasintha okha. Sitolo yawo inalibe katundu. Ankaima pa mzere, wina akuwaopseza ndi kamtengo, wina akugulitsa mchenga kuseri kwa benchi monong'ona. Tsiku lina kamtsikana ka chitini cha njinga, kolongolola ngati wailesi, kanakwera pa benchi n'kulengeza kuti, "Atate bakamba ati aba bakulu bachokepo, tafa na njala. Atate bali na mapepala yambili pansi pa matilesi. Bazapasa bantu." Ndinalemba zonse. Pambali ndinalembanso kuti mwanayu watha kulumikiza ziganizo zitatu. Mphunzitsi ine, chimenecho ndicho chokha ndinaonapo. Kenako kope lonse ndinakalisiya kwa munthu wotayipa m'tauni kuti lipoti langa likaoneke bwino. Mmene linachokera pamenepo kufika m'manja mwa amuna aja, sindidziwa mpaka lero.

Masana a Lachiwiri lomwelo anandilowetsa m'chipinda chopanda zenera. Wamkulu uja anawerenga mapepala anga mokweza, chala chili pa mzere.

"Nkhuku. Khasu. Basi. Njinga. Aya ni maina ya gulu yanu, si so? Uyu Atate ni ndani? Mapepala yali kuti?"

Ndinaseka. Ndine munthu wa pakamwa, ndipo mayi anga kwathu ku Katete ankati lilime langa limadzuka mutu ukadagona.

"Bwana, amenewo ndi ana! Ana a zaka zisanu! Ngati simukhulupirira pitani mukaone zitini pa shelefu, chilichonse chili ndi chithunzi chake!"

Mawu atatuluka ndinamva ngati ndameza khala la moto. Iye analemba kanthu pakona pa pepala, nayang'ana mnzake, nati, "Vitini."

Sankafunikanso kundimenya. Chotsala chinali kupita ku kaholo kaja, kukweza chitini m'mwamba n'kufunsa kuti n'cha ndani. Zala makumi atatu zikanaloza mwana mmodzi, mothamangirana, chifukwa ndine ndinawaphunzitsa kuyankha msanga ndi kunena zoona. Bambo a mwanayo ndinkawadziwa. Ankanyamula matumba kumalo opakira katundu, ndipo mkazi wawo anali wodwala pakati, mwezi uli pafupi. Masiku amenewo munthu wopezeka ndi mapepala otsutsa boma ankatengedwa popanda wonena tsiku lobwerera.

M'selo munali mapazi asanu ndi limodzi m'litali, anayi m'lifupi. Ndinawawerenga Lachitatu lonse ndi Lachinayi lonse, uku ndi uku, osatha kukhala pansi. Galimoto ikalira panja ndinkaima kumvetsera ngati atsitsa munthu. Chitseko chikalira kukhonde ndinkayembekezera mawu a bambo aja. Ndinkadzitukwana, ndinkapemphera, n'kuyambanso kudzitukwana. Mayi wina amene anamugwira akugulitsa shuga pa mtengo wake anatopa nane.

"Ba ticha, nkalani pansi. Mutizungulusa mutu. Apa palibe kwamene muzafika."

Ndinakhala, ndinawerenga mpaka khumi, n'kudzukanso.

Lachisanu m'mawa anandiitana. Wamkulu uja sanandipatse moni, ndipo ulemu uja wa tsiku loyamba unali utatha.

"Iwe, vitini vili kuti?"

"Pa shelefu."

"Pa shelefu palibe chili chonse. Sukulu yako ni yokhoma. Tayenda mu manyumba, mwana aliyense akamba ati sakumbuka. Bana sate, bonse baibala pamozi?"

Ndinayang'ana pansi kuti asaone nkhope yanga. Sindinasangalalepo chotero chibadwire, ndipo chisangalalocho sichinakhalitse, chifukwa tonse awiri tinazindikira nthawi imodzi kuti dzina lija latsala pamalo amodzi okha.

"Manje uzakamba iwe," anatero.

Za masiku otsatirawo ndinena zochepa. Ankandiitana m'mawa, nthawi imene ndikanakhala ndikuimbitsa ana nyimbo yolowera. Funso linali limodzi. Khutu langa lakumanzere silimva kuchokera sabata imeneyo, ndipo mano awiri ndinawasiya komweko. Mlonda wina wamkazi, pondibweza m'selo, ankakonda kunena kuti, "Kamba chabe dzina, mayo. Si mwana wako." Chimene ndinkaopa kwambiri sichinali dzanja lawo koma pakamwa panga pomwepa. Dzina la mwanayo linali lalifupi, losavuta kutuluka. Kuti lisayandikire lilime ndinkatchula mumtima zithunzi za pa shelefu motsatana, nkhuku, khasu, basi, nsomba, ndikafika pa njinga n'kubwerera poyamba.

Sabata yachitatu ili mkati ndinapeza njira, ndipo sindinaikonde. Ndinawauza kuti mwana wotchedwa Njinga kulibe. Ndinati mawu ajawo ndinapeka ndekha kuti lipoti likome, ndikhoze mayeso.

"So ndiwe wa boza chabe?"

"Inde, bwana."

"Ticha wa boza." Anaseka, ndipo ndinaona kuti nayenso watopa, akufuna poti atsekere fayilo.

Anatayipa chikalata, ine n'kusaina. Chinkanena kuti kafukufuku wanga yense anali wopeka. Miyezi isanu ndi itatu ndinakhala pakona paja osawonjezera ngakhale liwu limodzi pa zonena za ana, ndipo ndinasaina ndi dzanja langa kuti zonsezo ndi bodza. Kope la chikalatacho analitumiza kumene ndinkachita maphunziro. Setifiketi ya maphunzirowo sindinaione, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Anandimasula Lachinayi masana. Pachipata wamng'ono uja anati, "Yenda. Ukapunzise ma ABC chabe." Ndinayenda wapansi mpaka ku Chawama, osapita kunyumba, kulunjika ku tchalitchi. Mayi wosesa uja ndinamupeza akuwaza madzi pabwalo.

"Amai, zitini zija zinapita kuti?"

"Ninamvela uja mwamuna akamba ati Njinga," anatero. "Ine sininapunzile, ba ticha, koma vitini nimapukuta ndine. Motoka yanu ikalibe kufika na pa mseu, ninavimanga vonse mu chitenge. Ninapeleka kuli uja opanga makoloboyi. Manje vili mu manyumba ya bantu, viyaka."

Zitini zanga zinali zitasanduka nyale za palafini. Madzulo a Lachiwiri lija azimayi anayenda khomo ndi khomo kulangiza ana kuti wina akafunsa za chitini azingoti sakumbuka. Mapepala a pansi pa matilesi anapsa pa mbaula. Bambo aja palibe anawagwira, ndipo mwana wawo wakhanda anabadwa iwo alipo. Ndinagwada pa fumbi lonyowalo kupepesa mayi amene ndinamukwiyira tsiku londitenga, iye n'kungoti ndidzuke, ndidetsa diresi.

Anthu amandifunsa kuti ufulu ndinaumva bwanji nditatuluka. Ndimawauza za madzi osamba ndi tulo, chifukwa ndizo afuna kumva. Zoona zake ndi izi. Sukulu tinatsegulanso patapita milungu iwiri, ndipo anabwera ana osakwana theka. Kamtsikana kaja kanali pakati pawo. Ndinayala sitolo monga kale, ndi miyala m'malo mwa tizitsekerero, ndipo pang'onopang'ono anayamba kukankhana pa mzere, kuseka, wina n'kutola kamtengo. Mtima wanga unayamba kukhala pansi. Ndinapisa dzanja m'thumba kutulutsa pensulo kuti ndichonge amene abwera, basi.

Kamtsikanako kanaona. Kanagwira mnzake paphewa n'kunena monong'ona, koma khutu langa lotsalali linamva.

"Nkalani zii. Ba ticha batenga pensulo."

Holo yonse inangoti zii. Ana khumi ndi awiri anaima pa mzere wowongoka, manja kumbuyo, maso pa dzanja langa. Phunziro limene azimayi anawapatsa madzulo amodzi linalowa kuposa onse amene ine ndinawapatsa chaka chathunthu, ndipo sindikanawadzudzula, chifukwa ndilo linapulumutsa munthu.

Ndinabweza pensulo m'thumba. Ndaphunzitsa ana zaka zambiri kuchokera pamenepo osalembanso mawu a mwana aliyense, ndipo dzina la mwana uja ngakhale pano simulipeza. Anakhala nane mpaka Disembala. Ankawerengera bwino, ankayankha akafunsidwa, koma pa benchi paja sanakwereponso.