Tsiku limene mvuu inatigubuduza pa Bua

Anthu ena ndikawafotokozera nkhaniyi amati ndikuthira mchere, koma Walahi, ine ndine mayi wamkulu wa zidzukulu, bodza lingandipindulire chiyani? Amene akukayika abwere pamsika wa pa Boma pomwe ndimagulitsa mpunga, adzafunse aliyense, chifukwa zinachitika dzuwa likuswa mtengo, anthu akuona.

Mchimwene wanga anapita ku Joni ali mnyamata, anakwatira komweko, n'kumwalirira komweko. Anasiya mwana mmodzi wamkazi, yemwe atakula n'kuyamba ntchito anaganiza zobwera kudzaona kwawo kwa bambo ake. Chichewa chake chinali chothyokathyoka, koma mawu oti azakhali ankawatchula bwino, moti atangotsika minibasi n'kundiitana choncho, misozi inangoyamba yokha. Nkhope ya malemu yeniyeni, mpaka kampata ka m'mano.

Ati anzake kumeneko ankamuseka kuti dziko la bambo ake n'kachingwe chabe pa mapu, kopanda choti munthu n'kuona. Kopanda choona, kuno? Ndinamuuza kuti akonzeke kuyenda mpaka mapazi atupe. Ndinapita naye ku mzikiti wakale, pansi pa mikuyu ikuluikulu pomwe akuluakulu amakedzana ankakambira milandu, ndi kugombe komwe zombo zinkanyamulira minyanga ndi akapolo kupita nawo tsidya. Sindinamubisire kuti makolo athu ena anali ogula, ena anali ogulidwa, ndipo magazi onsewo ali mwa ife. Tinakaviika mapazi m'madzi otentha a ku Chawira, anadya kondowole wa chambo mpaka kunyambita zala, ndipo kunkhalango anaona njovu ndi maso ake zikumwetsa ana.

Kunatsala ku mtsinje wa Bua. Bambo ake ankamusimbira za mpasa, nsomba yonona ija imene imachoka m'nyanja n'kukwera mtsinje kukaswa, ndiye anati sangabwerere asanapondeko. Mvula inali itangokata, madzi adakali ambiri. Tinafika m'mawa kwa alamu anga, amuna a mng'ono wanga, msodzi wokulira pamtsinje womwewo. Iwo anati dziwe la mvuu akulidziwa, lili kumtunda, ife tidutsa kumunsi pafupi ndi pomwe mtsinje umathira m'nyanja. Tinalowa m'bwato atatu, mwanayo kutsogolo, ine pakati, alamu kumbuyo ndi nkhafi.

Kunali kokongola, ndisaname. Nkhwazi zikulira m'mitengo, amayi akumweta mpunga m'madimba, madzi ali phee ngati mafuta. Tili pakati pa mtsinje, alamu anangosiya kupalasa, n'kunena chapansipansi kuti aliyense asagwedezeke. Chapafupi pathu panatulukira timakutu tiwiri ndi kamphuno, kamwana ka mvuu. Mwana wa mchimwene wanga uja anasekerera, ati azakhali taonani kukongola. Ine sindinasekerere nawo, poti ndani wa kunyanja sadziwa kuti pali mwana pali make? Tinadzamva pambuyo pake kuti madzi osefukira anali atasamutsa mvuuzo padziwe lija.

Mvuu yaikuluyo sindinaione ikubwera. Ndinangomva bwato likunyamuka ngati wina walisenza pamutu, kenako kukamwa kofiira, kwakukulu ngati chitseko, kenako madzi. Ine ndinayamba kusambira ndisanayambe sukulu, choncho mantha a madzi ndilibe, koma chitenje chinandikulunga miyendo. Ndinachimasula n'kuchitaya, manyazi a chiyani imfa ili pakhosi? Nditavuuka ndinaona mpango wa mwanayo ukuyandama, mwini wake palibe. Apa m'pamene ndinazindikira kuti mwana wokulira m'tauni uja sankadziwa kusambira ngakhale pang'ono.

Ndinamira pomwe panali mpangopo, ndikupapasa m'madzi amatope mosaona kanthu, mpaka dzanja langa linagwira tsitsi. Titatulukira anandikakamira pakhosi ndi mphamvu za munthu woti akufa, tonse n'kumiranso. Munthu womira samva mawu, abale. Ndinamuluma pamkono, analekerera, ndiye ndinamuzungulira n'kumugwira chakumbuyo, chibwano chake m'dzanja langa. Ndinamuuza m'khutu kuti agone chagada ngati ali pamphasa, asiye kupalapata, ine ndine mlongo wa bambo ake ndipo sindimusiya. Kaya anamva Chichewacho kaya anangomva liwu, koma thupi lake linafewa.

Nthawi yonseyi alamu anali atakakamira bwato logubuduzika lija, akumenya madzi ndi nkhafi n'kumakuwa, dala, kuti chilombocho chiyang'ane iwo osati ife. Ndipo chinapitadi kwa iwo. Ndinamva kuti khwaa, mvuu italuma bwato la mtengo wolimba n'kulibenthula ngati chinangwa chophika. Sindinachewukenso. Ndinkangopalasa ndi dzanja limodzi, madzi akutikokera kumunsi, pemphero lili pakamwa, uku ndikukumbuka kuti mtsinje womwewu ndi wa ng'onanso. Chilichonse chondikhudza mwendo ndinkati basi yafika.

Tinakafika m'bango, lomwe linandicheka miyendo ine osamva n'kuwawa komwe. Amayi a m'madimba aja anathamanga n'kutikoka, mmodzi anavula chitenje chake chapamwamba n'kundifunditsa. Mwanayo anasanza madzi, n'kuyamba kulira, ine ndinati Alihamudulilahi, wolira ndi wamoyo. Koma alamu sankaoneka. Pamtsinje panali zibenthu za bwato zokha, ndipo ndinayamba kuganiza mawu oti ndikamuuze mng'ono wanga. Tili mkati moitana, tinangoona munthu akubwera wapansi kuchokera kumunsi, matope thupi lonse, nkhafi idakali m'manja. Mawu awo oyamba sanali oti muli bwanji, ayi, anati bwato limene lija linali latsopano. Tinaseka misozi ikutsika.

Ndinkayesa kuti mwanayo apakira katundu mawa lake n'kutukwana dziko lathu moyo wake wonse. Ayi ndithu. Titachita sadaka yothokoza, anandipempha kuti ndimuphunzitse kusambira, ndipo masiku onse otsalawo tinkapita kunyanja m'mawa, ine nditamugwira pamimba ngati khanda. Masiku ano amabwera ndi ana ake, onse amasambira ngati usipa.

Chimene ndimakhulupirira n'chakuti tsiku la munthu amalemba ndi Mulungu, koma nzeru anatipatsa kuti tizigwiritse ntchito. Dziko lathuli ndi laling'ono koma ndi lamoyo, ndipo nyama zimene alendo amadzaona si zoseweretsa, nazo zili ndi ana oti ziteteze. Alendo aitaneni, abwere, aone, palibe chochititsa manyazi kuno. Koma musanamukweze mlendo m'bwato, mufunseni ngati amasambira. Ndipo mukaona kamwana ka nyama kokongola, kaya m'madzi kaya kutchire, musayambe mwasekerera. Yambani mwafunsa kuti make ali kuti.