Nsomba imene ndinalonjeza amayi a kwaya

Mkamwini wanga asananditenge kukawedza nsomba zikuluzikulu zotchedwa tuna kunyanja yamchere, ndinauza amayi a kwaya yathu ku Tyrrelstown, kuno kudziko la azungu, kuti Lamlungu asagule ndiwo. Chimwalirire mkazi wanga, iwowa ndi amene ankandiphikira, ndiye ndinkafuna kuwathokoza.

M'kaboti kamene tinakwera ndinasanza mpaka kulapa machimo onse. Masana nsomba inakodwa, yaikulu ngati ng'ombe. Mwini boti anaiyeza ili m'madzi momwemo, n'kuibaya kachizindikiro pamsana, kenako n'kuimasula. Ine ndinafunsa chifukwa chake.

"Ndi lamulo la kuno, bambo," anatero mkamwini wanga. "Timangojambula basi."

Lamlungu ndinawaonetsa amayiwo chithunzi pafoni. Mmodzi anachiyang'anitsitsa, n'kundifunsa mwaulemu kuti, "Yanona ndithu, abambo. Tikazinge kapena tiwotche?"