Makompyuta Awiri Amene Analirana Maliro

Chakumapeto kwa ma 90 ndinkagwira ntchito yotayipa ku Mambwe, pa ofesi ya bungwe lina laling'ono lokonza mijigo m'midzi. Ntchito yanga inali kulemba mijigo yowonongeka ndi kupatsa amakaniki pepala lowauza kokakonza.

Tsiku lina kunabwera katswiri wochokera ku Lusaka, atavala tayi m'kutentha kwa Okutobala. Anabweretsa makompyuta awiri ndi kabokosi kakang'ono. Imodzi anaiika m'chipinda changa, ina m'chipinda chosungiramo mapaipi, nazilumikiza ndi chingwe chachitali chodutsa pansi m'khonde.

"Awa ndi mapasa," anatero. "Chimene uyu akudziwa, mnzake akudziwanso. Kabokosi aka kamagawa ntchito, funso loyamba kwa uyu, lachiwiri kwa uyo, kuti wina asatope. Pachingwechi amafunsana nthawi zonse kuti, uli moyo? Wina akapanda kuyankha, mnzake amasenza ntchito yonse."

Abwana athu, bambo wa kumpoto wokonda malamulo, anafunsa kuti, "Nanga akafa onse?"

"Sizingatheke," anatero katswiriyo, ndipo mawa lake anabwerera.

Zinayenda bwino mpaka mvula itagwa. M'mawa wina nditayatsa jenereta, kompyuta ya m'chipinda changa inalemba kuti mnzake wamwalira, tsopano ikulamulira ndi iyo. Ndinathamangira kuchipinda cha mapaipi kukaona mtembo. Ndinapeza inayo ili moyo ndithu, nayonso italemba kuti mnzake wamwalira.

Abwana anayang'ana uku, nayang'ana uko. "Musakhudze chilichonse," anatero. "Ntchito ipitirire."

Kabokosi kaja sikanamve za malirowo. Kanapitiriza kugawa, ndipo zimene ndinkalemba theka zinkapita uku, theka uko.

Woyamba kuvutika anali makaniki wathu wamkulu, bambo wodekha wa Chikunda amene sankatsutsana ndi pepala. Ndinamupatsa pepala lakuti apite ku Kawaza. Asanakwere njinga anabwerera.

"Mai, mwaswera bwanji kachiwiri. Lanyowa ndi mvula, ndipatseniko lina."

Ndinasindikiza lina. Linati apite ku Chinzombo.

Anawayang'ana mapepala onse awiri nthawi yaitali. "Ndiyambe kuti?"

Ndinafunsanso kompyuta. Kawaza. Ndinafunsanso. Chinzombo. Abwana analamula kuti tizifunsa katatu, lopambana ndi limene latuluka kawiri. Anachilemba pachikwangwani, nasaina.

Sipanapite sabata amakaniki anazindikira kuti limene latuluka poyamba ndi limene limapambana. Zitatero pakhomo panga panayamba ulemu umene sindinauonepo. Munthu akaona kuti yankho likubwera ndi la kutali, kumatope, ankabwerera m'mbuyo.

"Pitani inu patsogolo, ndinu akulu."

"Ayi, inu mwabwera kale, eight hours m'mawa munali pano."

Ankatha kupatsana mpata mpaka ten. Makaniki wamkulu yekha ndiye sankachita nawo. Iye ankatenga mapepala onse awiri n'kupita konse kuwiri, ponena kuti sakudziwa kuti mwa makompyuta awiriwo wamoyo weniweni ndani. Anaonda. Ku Chinzombo anakhala tsiku lina maola atatu mumtengo chifukwa cha njovu, mapepala ali m'kamwa kuti asagwe. Koma mijigo yonse imene anatumidwa anaikonza.

Katswiri uja anabweranso mvula itatha, misewu itauma. Analowa m'khonde, nayang'ana pansi.

"Chingwe chili kuti?"

Mayi amene ankatisesera ofesi anatsegula kabati. Chinali m'menemo, chokulungidwa bwino, chomangidwa ndi kaluzi.

"Chinkandikola mwendo," anatero. "Ndinachisunga kuti chisatayike."

Katswiri anachilumikiza, tonse titaimirira ngati tikudikira anthu okangana kuti apatsane moni. Makompyutawo analira masana onse, timagetsi tikuphethira. Cha m'ma sixteen hours ya kumapaipi inagonja, nifufuta zonse zimene inkadziwa, n'kutenga za mnzake.

Lolemba lotsatira panatuluka mndandanda wa mijigo yowonongeka. Pamwamba penipeni panali wa ku Kawaza, umene makaniki wamkulu anali ataukonza kale mu Januwale. Ndinamuuza kuti ndaona kulakwika kwake, asavutike kupita. Ndinali ndi manyazi, poti mapepala onse amene anamuondetsa anadutsa m'manja mwanga.

"Pepala lanena," anatero.

Anapalasa njinga mpaka ku Kawaza. Atabwerako madzulo anandiuza kuti anapeza amayi akutunga, iye anadikira pamzere, napopa kasanu, namwa, n'kuwauza kuti tsopano mjigo wakonzedwa. Amayiwo anamuthokoza, wina anamupatsa maungu awiri. Limodzi anandigawira.