Malangizo atsopano amene anasowa chidindo

Ndinaphunzitsa kompyuta zaka zitatu pa kasukulu kena ka ntchito zamanja kwa Mwambo, kufupi ndi nyanja ya Chilwa. Tinali ndi makompyuta asanu ndi awiri oyendera magetsi a sola. Makinawa anali ndi khalidwe lake: ukangowazimitsa, ankaiwala zonse ngati chidakwa. Ndiye wophunzira aliyense ankayenda ndi fulashi, kachipangizo kosungiramo zolemba, m'menemo muli kafayilo kouza pulogalamu yolembera mmene igwirire ntchito. Chachikulu, kafayiloko kankachititsa kuti zomwe munthu akulemba zizisungika zokha pafulashi mphindi iliyonse. Ukayatsa kompyuta, unkakopera kafayiloko mu foda yake, kenako n'kuyamba kulemba. Malangizo ake anali pakhoma, pa pepala lokutidwa ndi pulasitiki, pansi pake chidindo cha komiti ya sukulu ndi siginecha ya apampando ake.

Chaka china m'chilimwe kunabwera katswiri wochokera ku Zomba. Anaikamo pulogalamu yatsopano, n'kumwa thobwa lathu, n'kumapita. Patatha masiku awiri ndinazindikira kuti pulogalamuyo sinkayang'ananso mu foda yakale. Inkafuna kafayilo kaja pamalo ena, ndipo ikakasowa sinkadandaula ayi, inkangoleka kusunga mwakachetechete. Munthu wotsatira pepala la pakhoma ankalemba mtima uli m'malo, pomwe palibe chikusungika.

Tsiku lomwelo ndinalemba malangizo atsopano. Ndinasintha mizere inayi yokha, ndinayesa pa makina onse, n'kupita nalo pepalalo kwa ahedi.

"Aphunzitsi, mwagwira ntchito," anatero ahediwo. "Koma lapakhoma lija lili ndi chidindo. Lanuli lilibe."

"Ndiye lidindeni, bwana."

"Chidindo amasunga ndi apampando. Komanso pepala la komiti silichotsedwa komiti isanakhale pansi."

Apampandowo ankakhala pa chilumba cha Chisi. Chaka chimenecho nyanja inali itaphwa kwambiri, mabwato ankatitimira m'matope, ndipo mdala wa nyamakazi ngati iwo sakanaponda ulendo umenewo chifukwa cha mizere inayi. Ndinapempha kuti tiwaimbire foni. Ahedi anati munthu wamkulu sauzidwa nkhani ya komiti pa foni, n'chipongwe. Ndinapempha kuti ndingomata langalo pambali pa lakalelo. Anati alendo akabwera adziwa bwanji pepala lenileni la sukulu. Ndinapsa mtima, koma ndinali wamng'ono pa onse ndipo ntchito ndinkaifuna. Ndinapinda pepala langa, n'kuliika m'chikwama. Mantha amenewo amandinyansa mpaka lero.

Ophunzira ndinawauza pakamwa, ena analemba m'makope mwawo. Koma mayi wina wa ana awiri, yemwe ankagulitsa matemba m'mawa n'kumabwera m'kalasi masana, sanalipo. Anali kuchipatala milungu itatu, kudwazika mwana. Mayiyu ndiye ankaposa onse. Ankafuna setifiketi kuti akafunsire ntchito ya ukalaliki, ndipo amuna ake anamulola chaka chimodzi chokha, ati akalephera abwerere ku matemba.

Anatulukira tsiku la mayeso lenilenilo, thukuta lili kamukamu, anzake atalowa kale. Ine ndinali pansi pa mtengo wa mango, poti mphunzitsi saloledwa kuyandikira chipinda cha mayeso. Ndinanyamuka kuti ndimuuze, koma woyang'anira mayeso anandibweza ndi dzanja, chitseko n'kutsekedwa. Ndinakhala pansi n'kumapemphera kuti magetsi asazime, ine wodziwa bwino kuti makina athu a sola akatenthedwa ankazima okha.

Anazimadi, kutatsala mphindi makumi awiri. Atayakanso, anzake onse anatsegula mafulashi awo n'kupitiriza pomwe analekera. Iye anapeza tsamba loyera. Woyang'anira anati nthawi siwonjezedwa kwa munthu mmodzi, lamulo silitero.

Ahedi atamva anapukusa mutu n'kuti, "Zachisoni. Wophunzira azibwera m'kalasi." Ndinawayankha mawu omwe sindingawalembe pano, ndipo kalata yondichenjeza anaidinda sabata yomweyo. Chidindo chinawoloka matope aja pa mutu wa munthu, chifukwa nkhani ya mwano wanga inali yachangu. Pepala langa linadikirabe mpaka mvula itagwa, komiti itakhala pansi, itadya mpunga ndi nkhuku.

Koma chomwe chimandisowetsa mtendere si ahedi. Mayeso atatha, mayi uja anandipeza pansi pa mango paja. Ndinkadikira kuti andikalipire, ndipo ndikanakonda akanatero. M'malo mwake anagwada, manja ali pamodzi.

"Aphunzitsi, pepani," anatero motsitsa mawu. "Ndinawerenga pakhoma kawiri, ndinapanga zonse mmene zalembedwera. Kaya ndinaphonya pati. Mutu wangawu si wa sukulu, ndakutayitsani nthawi."

Ndinamufotokozera kuti sanalakwitse chilichonse, kuti lolakwa linali pepala. Anandiyang'ana mwaulemu, koma ndinaona kuti akuganiza kuti ndikungomutonthoza. Pepala lodindidwa silingalakwe, wolakwa ndi mayi wa matemba. Chaka chotsatira sanabwerenso. Ndimamuona pa msika wa Songani ali pa mulu wake wa nsomba, ndipo akandiona amaweramitsa mutu mwamanyazi, ngati wolakwa anali iyeyo.