Ife a Gulu la Choko

Ndili fomu 2 ku Kitwe, mkuwa unali pa mtengo wabwino ndipo aliyense m'tauni ankayenda ngati mgodi ndi wa bambo ake. Ufulu unali udakali wanthete, zatsopano zikubwera motsatizana. Chaka chimenecho kusukulu kwathu kunafika anthu awiri ofufuza zamaphunziro, mzungu wamkazi woonda ndi bambo wina wakonkuno wovala magalasi. Ankafuna kuona ngati ana angamve bwino masamu akamaphunzira kulamula kompyuta. Makinawo sanabwere nawo ayi. Anali ku Ndola, m'chipinda chozizira, akuwerengera malipiro a anthu a m'migodi. Iwo anangobweretsa makatoni a makadi olamulira makinawo.

Masamu anali mbali yanga, moti ndinayamba kuyenda mothimbwidzika asanatchule n'komwe dzina la munthu. Koma anati sasankha potengera nzeru. Analemba mayina athu pa timapepala, n'kuponya m'chipewa, n'kutolamo theka. Otoledwawo anapita ku makadi. Otsalafe anati tipitirize ndi choko ndi bolodi monga kale, kuti pakutha pa chaka ayerekeze magulu awiriwo pa mayeso amodzi. Anatilonjeza kuti makadi akaoneka kuti akuthandiza, chaka chotsatira udzakhala mwayi wathu.

Dzina langa linatsala m'chipewa, la msuweni wanga n'kutuluka.

Msuweni ameneyu anali mwana wa amalume a ku Garneton, alimi a kabichi, ndipo masiku a sukulu ankagona kwathu. Masamu ankamuzunguza mutu. Akapatsidwa ntchito yokachitira kunyumba, amene ndinkamupulumutsa ndi ine. Tsopano yemweyo ankabwera makadi ali m'thumba la malaya, atawatulutsa nsonga dala. Ankadetsa timabokosi ta pa khadi ndi pensulo, galimoto n'kuwatenga Lachisanu kupita nawo ku Ndola, sabata yotsatira n'kubwera chipepala chachitali cha yankho la makina. Chake choyamba chinangonena kuti walakwitsa, koma anachimata pakhoma ngati satifiketi.

"Mkazi wanga, usadandaule," ankatero. "Ndikadzakhala bwana ku Ndola, tiyi uzidzandipangira ndiwe."

Pachisuweni zimenezi n'zololedwa, ndipo ndinkayenera kumubwezera chipongwe tonse n'kuseka. Koma ine sindinkaseka nawo. Ndinali ndi nsanje yeniyeni.

Bambo anga anali kalaliki ku ofesi ya mgodi komanso mkulu wa mpingo, munthu wokhulupirira kuti palibe chokanika ukavala suti. Anaivala n'kupita kusukulu kukandidandaulira. Anabwerako ali zyoli. Bambo wa magalasi uja anawauza mwaulemu kuti ndine wofunika pomwe ndili, chifukwa popanda gulu la choko sakanadziwa ngati makadi akuthandiza. Anapemphanso kuti msuweni wanga asamandionetse zomwe akuphunzira. Lamulo limeneli mnyamata uja analisunga kuposa malamulo khumi aja, mpaka anagula loko wa sutikesi yake.

Chimene chinandimaliza ndi ulendo wa ku Ndola. A makadi anakwera basi kukaona makinawo, ife tikuwayang'ana pawindo la kalasi. Atabwerako ankangodandaula za kuzizira kwa m'chipinda chija. Msuweni wanga anavala juzi masiku angapo, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo.

Ndinalumbira kuti ndiwaonetsa. Tikaweruka ndinkasonkhanitsa anzanga a choko kuseri kwa holo, n'kumabwereza nawo masamu mpaka mimba zitalira. Aulesi ndinkawakalipira kuposa mphunzitsi. Wina akafuna kuthawa ndinkamufunsa ngati akufuna kudzasekedwa ndi anthu odetsa timabokosi, ndipo ankakhalanso pansi. Palibe anatiletsa, poti tinkangochita masamu athu akale omwewo. Nthawi imeneyo a makadi anali kudikira galimoto ya ku Ndola, ena atataya sabata yathunthu chifukwa cha kabokosi kamodzi kolakwika.

Mayeso atabwera tinawapitirira kutali, ine ndili pamwamba pa onse. Tsiku limenelo ndinavina njira yonse yopita kunyumba, ndipo msuweni wanga ndinamupangira tiyi n'kumupatsa ndi manja awiri, nditagwada.

Titatsegulira chaka chatsopano ndinasongola mapensulo anga onse. Sabata yoyamba inadutsa kuli zii. Kenako ndinaona bambo wa magalasi uja akutulutsa makatoni m'chipinda chosungira katundu, ndipo ndinamuthamangira. Anandizindikira, n'kundigwira chanza.

"Mwaice, mwanawe, unakhoza kwambiri. Gulu lanu ndi limene latiyankha funso lathu."

Ndinafunsa kuti nanga ife tiyamba liti. Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta. Anati akuluakulu aona zotsatira, ndipo sakuona chifukwa chothamangitsira galimoto ku Ndola sabata ndi sabata pamene ana a choko akhoza kuposa a makadi. Ndinafuna kumuuza za kuseri kwa holo, koma iye anali atawerama kale kunyamula katoni ina. Anandipempha kuti ndimuthandize, ndipo ndinanyamuladi mpaka pa galimoto. Katoniyo inali yomata, makadiwo sindinawaone n'komwe.

Titamaliza sukulu, ku Ndola kunafunika achinyamata ogwira ntchito pa makina aja. Funso linali limodzi, ngati munthu anagwirapo makadi. Msuweni wanga anamulemba ntchito. Za malikisi a mayeso aja palibe anafunsa.