Nyumba Yobisala ya a Frazer

A Frazer Mwale a ku Lukwa anali mmisiri wa zigafa za fodya. Mitengo imene anadula pa moyo wawo mukanati muilumikize, bwenzi itafika ku Mchinji n'kubwerako. Atakalamba, zitsa zija zinayamba kuwachititsa manyazi. Anauza akazi awo, a Lefina, kuti nyumba yawo yomaliza aimanga osapha mtengo ndi umodzi womwe.

Anasankha m'mphepete mwa dambo, pamene panatsala misuku inayi. Misukuyo, yamoyo choncho, ndiyo inakhala nsanamira. Khoma anamata ndi dothi la pachulu, denga anafolera ndi udzu wa dambo lomwelo, maungu n'kuyanga pamwamba. Mbuzi zinkakwerapo poyesa chulu. Alamu awo, a Lucious, akuti anazungulira masiku atatu akuodira tchire.

"Alamu," anatero atawapeza, "mwamanga nyumba, kapena mwadziika m'manda nokha?"

Chaka chimenecho alembi a makuponi a fetereza, anthu achilendo, anayenda khomo ndi khomo. Pamene ankafika kudambo, a Frazer ndi a Lefina anali kumaliro. Anapuma pamthunzi, wina mpaka kutsamira khoma lenilenilo, anadya masuku, n'kumapita akuti kuno kulibe munthu. Eni nyumba anangopeza nthangala pakhomo.

Tsiku loitana mayina pabwalo la sukulu, a Frazer anaima mpaka dzuwa kupendeka. Dzina lawo silinamveke.

"Madala, dambo lonse tinayenda," anatero mlembi. "Nyumba yanuyo ili pati?"

Dothi la ku Lukwa lopanda fetereza silidziwa chibale. Chimanga chinalekera m'mawondo, chachikasu. Mbewa zinkachita kugwada kuti zidye. Pofika Febuluwale, a Lefina anali atauma ngati phesi.

"Bambo a Anesi," anatero kwa amuna awo, "kukongola kwa nyumbaku tiphike?"

Chilimwe chotsatira kunamveka kuti alembi akubweranso. A Frazer ananola nkhwangwa. Anagwetsa misuku yonse inayi, anazula maungu, n'kukhomera padenga lata lakale lopempha kwa a Lucious. Linkawala mwakuti akhwangwala a ku Mtunthama ankadandaula maso.

Anakhala pachitsa mlungu wathunthu, atavala jekete la kutchalitchi, maso kunjira.

Alembi sanabwere. Chaka chimenecho anangokopera mayina a chaka chatha.