Zovala za a Kamwendo ndi msewu wozungulira Tete

Amene anayamba kutiuza anali amalume a Kamwendo, dalaivala wa ku Balaka amene ankasiya zovala zake kwathu ku Matema. Anaima pakhomo akupukuta thukuta, nati kwa mayi anga: “Achemwali, ponti yatsopano, mlatho ankamanga uja, yatha. Ife sitidzadutsanso mumzinda muno.” Mayi anaseka n'kuwauza kuti asamaopseze amasiye, kenako analandira thumba lawo la zovala monga mwa masiku onse.

Ine ndinali mtsikana wa ku pulayimale, ndipo chimene chinkatidyetsa chinali mzere wa makamyau, magalimoto akuluakulu a katundu aja. Mlatho wakale sunkalola magalimoto olemera kukwera ambiri nthawi imodzi, choncho ankandanda mumsewu, madalaivala atagona kunsi kwa matayala pothawa dzuwa la chilimwe. Ife tinkatolera malaya awo onunkha dizilo, mayi n'kuchapa, ine n'kuyanika pampanda wa bango uku ndikutafuna masau. Dzuwa la ku Tete silinamiza munthu: mzere usanasunthe, zovala zauma kale gwa! Mayi sankafunsa dzina; ankamanga mfundo pa mkono wa malaya, dalaivala aliyense ndi mfundo yakeyake.

Tsiku lina tinadzuka msewu uli zii. Makamyau ochokera ku Malawi anayamba kupatukira cha ku Moatize, kudzera ku Benga, kuoloka Zambezi kumunsi, n'kukatulukira pa msewu wa ku Changara osauona n'komwe mzinda. Beseni lathu linauma, ndiwo zinasowa, mng'ono wanga n'kumalira. Zovala za a Kamwendo zinangokhala zopinda pampando, mwini wake osabwera.

Mayi anapemphera, kenako anati za mwini sizigona m'nyumba mwathu mpaka mvula. Tinakwera shapa, kaminibasi ka kwathu kuno, mpaka pamphambano pamene msewu watsopanowo umayambira. Abale anga, zimene tinaona! Makamyau ali ndandanda pafumbi la malasha, madalaivala akupumula atavala zakuda bii, wochapa palibe. A Kamwendo tinawapeza atakhala pa ndowa. “Ndimati mwagulitsa buluku langa, achemwali!” anatero. Mayi anati: “Angagule ndani chigamba chokhachokha?” Anzawo anafa nacho chiseko, ndipo tisanachoke, aliyense anali atatiunjikira malaya. Pobwerera mayi ananditsina pamkono nati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

Sindidandaula za msewu umenewo. Lero ana anga amaoloka mlatho wakale kuchokera ku Matema popita ku shikola opanda makamyau owaphimba maso, ndipo ndimayamika Mulungu chifukwa ntchito ija inangosamuka, siinafe. Pamphambanopo ndimachapa ndine tsopano. Mayi manja anatupa, sangathenso kufinya ngakhale kansalu, koma amakhala pambali panga n'kumandikalipira ndikamanga mfundo molakwika. Inu owerenga, mukamagwada, mutikumbukireko: mayi anga, manja awo, ndi ana amene akudya za beseni limeneli.